Kogona kwanga ku Lichinga: nyemba zake ndi moto, madzi osamba ndi ayezi

Chibwerereni ku Mozambique anthu akungondifunsa kuti ku Lichinga unkagona kuti, zinali ndalama zingati, nanga ndi malo oti munthu nkupitako ndi banja? Nde ndangoti ndilembe kamodzi basi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la malowo sinditchula ayi, chifukwa pali zina zoti ndidandaule ndipo eni ake ndi anthu abwino, sindikufuna mawa azidzati Mmalawi uja tinamudyetsa nyemba zathu kenako anapita kukatinyoza. Ingodziwani kuti ndi ka pensão, ndiye kuti resiti hausi mchinenero chawo, ka zipinda zosakwana khumi, kali ndi khonde lalitali kutsogolo ndi kitchini kuseri, ndipo kuchokera pamenepo kupita kumsika waukulu ndi poyenda wapansi. Ndinagonako masiku anayi kumapeto kwa June, ndinaperekeza alamu anga omwe amapanga geni ya nyemba ndi zitenje, ine ntchito yanga inali kunyamula zikwama ndi kuwerenga ndalama.

Kafikidwe kake kaye, poti ambiri mukamva Lichinga mumaona ngati ndi kumathero a dziko. Ukachoka pa Mangochi boma umaoloka Shire, nkukwera chitunda chokhotakhota chija cha ku Namwera mpaka pa Chiponde, kudinditsa pasipoti, kenako kukwera kabaza kapena njinga yamoto chifukwa pakati pa geti yathu ndi yawo pali kamtunda ndithu, osayerekeza wapansi ndi katundu. Ukadinditsanso mbali yawo uli pa Mandimba, ndipo kuchoka apo kukafika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150 pa msewu wa N13. Minibasi kumeneko amati chapa, ndipo kapakiridwe kake ndi komweko kwathu kuno, anayi anayi pampando, nkhuku kumapazi, kondakitala theka la thupi lili panja. Msewu pano ndi tala, alamu anga amati kale usanakonzedwe ankafika ali ofiira ngati njerwa, nthawi yadzinja nde kumagona panjira. Mumadutsa pa Massangulo pomwe pali mishoni yakale ya Katolika, kenako msewu umangokwera pang'onopang'ono, mitengo ya paini nkuyamba kuoneka, mphepo yolowa pawindo nkusintha, mpaka mayi wina amene anali kumbuyo kwanga anakuwa kuti tsekani windolo inu ana afa.

Nde chodabwitsa chake nchakuti ife tinadzuka ku Mangochi m'mawa, madzulo dzuwa lisanalowe tili mu Lichinga, pomwe munthu wa ku Lichinga kuti akafike ku likulu la dziko lake ku Maputo pagalimoto ndi makilomita opitirira 2,000, masiku angapo panjira. Amene ali nazo amangokwera ndege. Ofuna kupita ku Tete ambiri amadulira kwathu konkuno, kulowa pa Chiponde kukatulukira ku Mwanza kapena ku Dedza, chifukwa kuzungulira mdziko mwawo momwe ndi kutali zedi. Ndipo chigawo chomwe Lichinga ndi likulu lake, Niassa, ndi chachikulu kuposa Malawi yense, chili ndi ma sikweya kilomita pafupifupi 129,000 pomwe ife tili ndi 118,000 kuphatikiza nyanja yomwe, koma kalembera wa 2017 anapeza anthu osakwana 2 miliyoni mchigawo chonsecho. Tangoganizani, ife tikukanganirana malire a munda ndi mizere iwiri ya chimanga, uko umayenda mphindi zambirimbiri osaona denga ngakhale limodzi, tchire lokhalokha.

Tinafika pa pensão paja cha m'ma 5 koloko. Kunja kwake sikopatsa chidwi, penti yachikasu yosuwa, geti lolira ngati mbuzi, koma pabwalo posesedwa bwino mpaka mizere ya tsache kumaoneka. Anatilandira ndi bambo wina wachikulire wovala chijasi chachikulu ndi chipewa chaubweya, ine nkuyamba kulimbana ndi ka Chipwitikizi kanga ka pa foni, boa tarde, quarto, dois, iwo kungondiyang'ana mpaka nditamaliza kuvutika nkuti, mwayenda bwanji achimwene, za ku Mangochi? Manyazi ake inu. Mtengo anatiuza 1,200 meticais, ndalama ya kumeneko, pa usiku chipinda chokhala ndi bafa mkati, pamodzi ndi chakudya cham'mawa, ndipo 800 cha bafa yapanja yogawana. Musandifunse kuti mu kwacha ndi zingati chifukwa anyamata osintha ndalama pa boda mtengo wawo umasintha ngati nyengo, wam'mawa si wamadzulo. Ine ndinatenga cha 1,200, alamu anga poti ndi munthu wa geni anatenga cha 800 nkunena kuti kusamba ndi kusamba basi. Pambuyo pake zinadzaoneka kuti wanzeru anali iwowo.

Chipinda chokha ndilibe nacho mlandu. Bedi lolimba lamatabwa, matiresi osati aja ofika nawo pansi ukangokhala, zofunda zochapa zonunkhira sopo ndi dzuwa, neti yopanda chibowo ngakhale kuti udzudzu nyengo imeneyo sindinaumve ndi umodzi womwe. Pansi ndi simenti yofiira yopolisha ija ya nyumba za atsamunda, denga lalitali, kabati yachikale yoti anthu awiri kulowamo nkutseka. Nsikidzi ziro, ndinayang'ana ndi tochi m'mphepete mwa matiresi monse poti ndinalumidwapo kwina kwake sindinaiwale. Loko wa chitseko ndi amene anali wokayikitsa, umachita kukweza chitseko ndi bondo kuti kiyi azungulire, koma ukazolowera zimatheka.

Tsopano kuzizira. Abale, ine ndinapita ndi juzi imodzi ndi kajekete kopyapyala poganiza kuti Mozambique ndi kotentha ngati ku Tete kapena Nsanje. Lichinga ili pamwamba pa chitunda, mamita opitirira 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ya Malawi yomwe ili chakumadzulo kwake ili pa mamita osafika 500, ndiye mukuona kusiyana kwake. Ndi kokwera kuposa Lilongwe, kuposanso Mzuzu pang'ono, kazizidwe kake ndi ka ku Dedza kenikeni, kaja kolowa m'mafupa, m'mawa nkhungu kuti mbuu mitengo ya paini kumangooneka nsonga zokha. Pabedi anandiikira bulangeti limodzi, lokongola bwino la maluwa koma lopyapyala ngati chitenje. Usiku woyamba ndinagona ndi jinzi, masokosi awiri, juzi, tawulo kumutu, mpaka kuganiza zochotsa katani pawindo kuti ndifunde. M'mawa nditadandaula anandipatsa mabulangeti ena awiri olemera bwino popanda kulipiritsa, nde funso langa nkumati bwanji osangoika kale poti mukudziwa kuti kwanu kuno June ndi chonchi? Akuti alendo ena amawanyamula. Chabwino, koma ine nkhope yanga ikuoneka ngati ya wakuba bulangeti?

Koma mlandu waukulu ndi madzi. Pachitseko cha ofesi alembapo ndi penti kuti água quente, kutanthauza madzi otentha, ndipo ndi chifukwa chake ndinalipira 400 yapamwamba ija. Mbafa muli kashawa kaja kamagetsi kokhala ndi mawaya kumutu, ndinatsegula, kudikira, kudikira, madzi kumangotsika ngati achokera mu fuliji. Ndinati mwina ndi ine sindikudziwa, kusuntha kabatani uku ndi uku, kenako nditagwira mpopi ndinamva kanthu kakundinyerenyetsa m'zala, ndinatuluka liwiro ndi sopo kumutu. Nditakanena, mnyamata wothandiza pamalopo anati aaa chimenecho chinapsa kalekale patrão, dikirani ndikubweretsereni. Madzi otentha ake ndi chidebe chophitsa pankhuni kuseri, ndipo chimabweradi chotentha bwino, vuto ndi nthawi. Ukapempha 6 koloko chimafika cha m'ma 7, chifukwa mphika wophitsira ndi umodzi ndipo amayamba kupatsa a zipinda zakuseri zomwe zili pafupi ndi moto, zomwe ndi za 800 zija. Ndiye alamu anga amakhala atasamba kale, atadzola, akumwa tiyi pakhonde, ine wa chipinda chodula ndili chikhalire pabedi ndi tawulo mkhosi kudikira chidebe. Masiku onse anayi ankandiseka. Ndinapempha kuti andichotsereko mtengo poti shawa sikugwira, bambo aja anaseka nkuti madzi otentha mwasamba kapena simunasambe? Ndinasowa choyankha, koma mumtima ndikuonabe kuti pamenepo anandidya.

Chomwe chinandiiwalitsa mkwiyo ndi kitchini. Amaphika ndi akazi awo a bambo aja, mayi wa Chiyao wosalankhulalankhula, ndipo dzanja lawo ndi lodalitsika. Cham'mawa kumeneko amati mata-bicho, ndipo ndi buledi wawo uja wa pão, wotentha wochokera ku bekale m'mawa womwewo, kunja kokhoma mkati mofewa, osati wathu wa siku ano woti ukaufinya umasanduka kampira. Mkati amaikamo dzira kapena badjia, timabumbu ta ufa wa nyemba tokazinga, ndi tiyi mu fulasiki yodzadza. Masana ndi madzulo umachita kuitanitsiratu, sasunga chakudya chophikaphika, ndiye ukafika ndi njala yako osanena kale udikira ola ndi theka, ichi chidziweni. Koma nyemba zake inu! Ku Lichinga nyemba ndiye golide wawo, dera lozizira lija zimachita bwino pamodzi ndi mbatatesi ndi kabichi, ngati ku Ntcheu ndi ku Dedza kwathu, ndipo zimatumizidwa mpaka ku Nampula ndi mizinda ina ya kutali. Zomwe amazikonda amati feijão manteiga, zikuluzikulu zofewa, mayi aja amaziphika pamoto wa nkhuni kuyambira m'mawa, nkuikamo kabichi, karoti, adyo wambiri ndi tinyama pang'ono, msuzi wake wolemera woti supuni kuima. Ndi mpunga kapena nsima, yomwe iwo amalemba xima koma ndi nsima yomweyi, mbale imodzi 250 meticais ndipo sindinaimalizepo ndekha.

Nkhuku yowotcha nayo inali bwino, yachikuda, yothira ndimu ndi piri-piri, ngakhale tsiku lina inabwera yolimba ngati inathamanga mpikisano isanaphedwe. Usipa ndi chambo zimapezeka kuchokera kunyanja koma ine sindinavutike nazo, munthu wochokera ku Mangochi ukadye chambo pamwamba pa phiri? Zakumwa zilipo, mowa wawo wa 2M, Manica, Laurentina ndi zoziziritsa kukhosi, ndipo kumeneko fuliji ndi yongokongoletsa, botolo likangokhala pakhonde lazizira lokha. Ndili pakhonde pomwepo ndinayamba kumvetsera mawu awo nkuona kuti Chipwitikizi china timalankhula kale osadziwa. Batata ndi mbatata yathu, sapato ndi nsapato, carta ndi kalata, capitão ndi kapitawo, ngakhale bakayawo uja timagula pamsika dzina lake ndi lochokera ku bacalhau. Ndinauza alamu anga kuti ndiye kuti ine Chipwitikizi ndimatha, anangoti pitani mukapemphe madzi otentha.

Za magetsi, sanazime masiku onse anayi kupatula kamphindi tsiku limodzi, zomwe kwa ine zinali ngati zozizwitsa. Koma tengani adaputa, masoketi awo ndi a timabowo tiwiri tozungulira, chaja yathu ya mano atatu siilowa, ine ndinachita kukagula kumsika. Pa pensão paja analemba kuti pali WiFi koma pasiwedi palibe amene ankaidziwa, akuti amadziwa ndi mwana wawo yemwe ali ku sukulu ku Nampula. Ndinangogula simu khadi, kuli Vodacom, Movitel ndi Tmcel, amafuna pasipoti polembetsa, ndipo netiweki mtauni ndi yabwino. Malipiro pamalopo ndi kashi kapena ndalama za pafoni za M-Pesa ndi e-Mola, za makhadi a kubanki iwalani. Pasipoti muziyenda nayo mthumba nthawi zonse, kumeneko kufunsidwa zikalata pamsewu si chachilendo.

Chomwe ndingabwererekonso kwenikweni ndi khonde lija madzulo. Amayatsa mbaula ya makala, alendo kuzungulira, ndipo bambo aja akayamba nkhani sasiya. Chichewa chawo chija anachiphunzira kwathu konkuno, nthawi ya nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo anathawira ku Namwera ali mnyamata nkukhalako mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992. Achinyamata a lero ambiri sadziwa kuti nthawi imeneyo Malawi anasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Iwo amakumbukira mpaka mayina a midzi, mtengo wa sopo pa golosale, nyimbo za pa wailesi ya MBC. Komanso Chinyanja kumeneko si chachilendo, anthu a m'mbali mwa nyanja ku Metangula ndi Cobue ndi Anyanja, mtauni muli Ayao ambiri ndi Amakua ochokera chakumwera ku Cuamba, ndipo wailesi ya boma ya mchigawomo imaulutsa m'zinenero zonsezi. Kumsika wa Chiuaula alamu anga ankatsatsana mitengo mu Chiyao ngati ali pa Namwera, ine ndikalankhula Chichewa amandiyankha bwinobwino kungoti manambala onse amatchula mu Chipwitikizi, apo ndi pomwe amakudyera ukapanda kuchenjera.

Ndi pakhonde pomwepo ndinamvetsa chifukwa chake tauniyi inamangidwa mwa mtundu wake. Kale dera lonseli boma la Portugal silinkalilamulira lokha, linachita kubwereketsa kwa kampani, Companhia do Niassa, yomwe ntchito yake yaikulu inali kutolera msonkho ndi kugwira anthu ukapolo wa thangata, mpaka mgwirizano wake unatha mu 1929. Nchifukwa chake anthu ambiri ankathawira ku Nyasaland, ndipo ena a ife tikafufuza bwino agogo athu anachokera konko. Mafumu a Chiyao ngati a Mataka a ku Mwembe, kumene David Livingstone anadutsako mu 1866, anakana kugonja mpaka 1912. Kampani ija itachoka ndi pomwe Apwitikizi anakhazikitsa tauniyi mu 1931 nkuitcha Vila Cabral, potengera dzina la bwanamkubwa wa Mozambique wa nthawiyo José Cabral, ndipo inakwezedwa kukhala mzinda pa 23 September 1962, tsiku lomwe amakondwererabe chaka ndi chaka. Ndi tauni yochita kujambula papepala kaye, mukaima pakati pake pali bwalo lalikulu lozungulira, misewu yotakata nkumatuluka ngati masipoko a njinga, m'mbali mwake mitengo ya jakaranda ndi nyumba za boma. Dzina loti Lichinga linabwera atalandira ufulu mu 1975. Mayi ophika aja nditawafunsa anati mu Chiyao lichinga ndi khola kapena mpanda, zambiri zake machinga, ine nkuti ooo ndiye Machinga yathu ija ndi abale.

Pali munthu mmodzi pamalopo amene nkhani yake inandikhala pamtima, mlonda wausiku, mdala wamtali woonda amene Chiyao chake chimamveka kuti si cha kubadwa nacho. Iyeyo kwawo ndi ku Maputo. Mu 1983 boma la Samora Machel linachita chomwe ankati Operação Produção, kugwira anthu m'mizinda amene analibe zikalata zosonyeza kuti ali pantchito nkuwakweza ndege kuwapititsa ku Niassa kuti akalime, poti malo ndi ambiri anthu ochepa. Mdalayu akuti anamugwira akuchokera kokaona mpira, ali ndi malaya amodzi, anatsika ndege mu kuzizira komwe ine ndimadandaula ndili ndi mabulangeti atatu. Anzake ena anamwalira kutchire, ena anabwerera patapita zaka, iye anakwatira konko, ali ndi zidzukulu, ku Maputo anapitako kamodzi kokha nkupeza kuti palibe amene akumudziwa. Amafotokoza akuseka, akukoleza mbaula, ine tulo osabwera. Niassa kwa anthu a kumwera inali malo otayirako anthu, kunalinso misasa yomwe ankati yophunzitsanso anthu khalidwe, ngati wa M'telela komwe anasungirako andale otsutsana ndi Frelimo, Uria Simango ndi Joana Simeão, sanabwerereko amoyo. Koma chigawo chomwechi ndi chomwe Frelimo imanyadira nacho pa nkhondo ya ufulu, msonkhano wawo waukulu wachiwiri anachitira ku Matchedje mu July 1968, mkati mwa Niassa, Apwitikizi akadalipo. Zonse ziwirizi anthu amakamba pakhonde limodzi, mosinthana, wina akatopa wina nkuyamba.

Tinapezeka kuti tili konko pa 25 June, tsiku la ufulu wawo, ndipo apa ndi pomwe pensão ija inadzadza. Kunabwera anthu a boma ochokera m'maboma ang'onoang'ono a mchigawomo, Mavago, Sanga, Majune, ena sindinagwire, ndi magalimoto odzadza fumbi, poti zonse zikuluzikulu zimachitikira ku likulu, chipatala chachikulu chili konko, maofesi a chigawo, mabishopu a Katolika ndi Anglican onse amakhala konko. M'mawa tinapita kukaonerera, akuluakulu kuika nkhata za maluwa pa bwalo la ngwazi, asilikali, ana asukulu akunjenjemera mu yunifolomu, amayi atavala makapulana ofanana. Kenako magule, ndipo ine ndinangoti kakasi kuona chioda ndi mganda, zomwezija za ku Nkhotakota ndi Likoma, amuna atavala zoyera ndi mabaja awo. Nzosadabwitsa poti Likoma ndi Chizumulu zili kufupi ndi gombe lawo kuposa lathu. Pa nsanja panali mabwana ambiri moti ndinafunsa kuti wamkulu ndi uti, mphunzitsi wina amene tinkagona naye pa pensão anandifotokozera kuti kuyambira 2020 chigawo chilichonse chili ndi mitu iwiri, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, ndi mlembi wa boma wosankhidwa ndi pulezidenti, kuonjezera apo meya wa mzinda yemwe amasankhidwa pa chisankho cha mizinda kuyambira 1998. Ndinati nanga msewu ukakumbika mumakadandaula kwa ndani? Anangoseka nkuitanitsa 2M ina.

Usiku wa tsiku limenelo sindinagone. Alendo a boma aja anatulutsa sipika, nyimbo mpaka 2 koloko, ndipo zipinda zakutsogolo zija, zodula zija, mawindo ake ali pakhonde penipeni. Nditapita kukadandaula ndinapeza bambo eni malo ndi amene ali pakati akuvina ndi chijasi chawo. Alamu anga kuseri anagona tulo tofa nato, m'mawa nkumandifunsa kuti kunali phokoso? Mxii.

Pa za geni, malowa ali pabwino. Ali ndi kachipinda kosungira katundu kokhala ndi loko, matumba a nyemba a alamu anga anakhala mmenemo masiku awiri osalipira kanthu ndipo palibe thumba lomwe linabooledwa. Mnyamata wa chidebe uja ndi amene anatipezera njinga zamoto zodalirika ndi kagalimoto konyamula matumba, pamenepo ndiye anachita changu kuposa pa madzi. Anatiperekezanso kukaona siteshoni ya sitima, njanji yochokera ku Cuamba ya makilomita 262 yomwe inafika mtauniyi mu 1969, nkuonongeka nthawi ya nkhondo mpaka sitima kumatenga masiku panjira, kenako anaikonza nkuitsegulanso mu 2016. Ku Cuamba imakalumikizana ndi njanji ya ku Nacala, yomweija imalowa kwathu pa Nayuchi. Anthu kumeneko amati sitima ikamayenda simenti ndi mafuta zimatsikako mtengo, ikaima zonse zimakwera, poti chilichonse chochokera ku doko chimayenda mtunda wautali kuti chifike pamwamba paja. Ndinaonadi kuti zinthu za m'sitolo ndi zodula, pomwe mbatatesi, nyemba ndi kabichi ndi zotchipa moti umachita kufunsa kawiri.

Ulendo wa kunyanja wokha ndi umene unalephereka. Bambo aja analonjeza kuti atipezera galimoto yopita ku Meponda, gombe lomwe lili pafupi ndi tauni, makilomita ngati 60 kutsetsereka, ena amapita ku Metangula komwe ndi kopitirira 100. Anati 8 koloko dalaivala afika. 9 koloko akubwera. 10 koloko wapita kukathira mafuta. 12 koloko akuti galimoto ili kumaliro. Tinangokhala pakhonde kuothera dzuwa nkudya nyemba, ine ndinakwiya pang'ono koma alamu anga anati inu nyanja yomweyi mumaiona tsiku ndi tsiku kwanu, mukufuna mukaione kumbuyo kwake? Ndiye ngati mukufuna zoyendayenda konzani nokha ku siteji, musadalire malonjezo a pa ofesi.

Potuluka bilu inali yolondola, analemba pamanja chilichonse mpaka tiyi, ndipo lisiti anapereka nditapempha. Anangoonjezera 100 ya kuchapa zovala zomwe ine ndinkaona ngati ndi chifundo chabe, komanso jinzi yanga inabwera isanaume poti dzuwa la kumeneko ndi la dzina lokha, ndinainyamula mu jumbo mpaka ku Mangochi.

Nde kwa amene mumafunsa, pa 5 ndikuwapatsa 3 ndi theka. Chakudya 5 yonse, ukhondo 4, chitetezo cha katundu 5, shawa 0 ndipo mawaya aja achotsedwe asanapweteke munthu. Kupita ndi banja mutha, koma ana muwatengere zovala za mphepo zenizeni ngati ndi June kapena July, ndipo pemphani mabulangeti owonjezera musanalowe mchipinda, osadikira usiku ofesi atatseka. Amene mukufuna ma hotelo a matailosi ndi giza yogwira ntchito aliko mtauni momwemo, mitengo yake ndi ina. Ine ndikadzapitanso, mwina September pa tsiku la mzinda jakaranda atachita maluwa, ndidzagona pomwepo koma chipinda cha 800 chakuseri, pafupi ndi moto. Mayi aja anandipatsa nyemba zodzadza kachitini kuti ndikayese kuphika kunyumba, akazi anga aphika kawiri konse ndi adyo ndi kabichi yemwe koma sizikufanana, iwo akuti vuto ndi makala athu, ine ndangokhala chete poti ndikudya nawo nyumba imodzi.